Nsalu ya Anthu Awiri Okha

Salome ankasoka pakhonde la sitolo ya mbewu ku Lufita. Makina ake anali akale, opalasa ndi miyendo, koma mkazi aliyense wofuna diresi yoti anthu akamucheukire kutchalitchi ankabwera kwa iye. Ena ankachokera kutali, mpaka kumapiri a Mafinga.

Tsiku lina Gloria, mnzake wa kuubwana amene tsopano ankaphunzitsa ku pulayimale, anabwera kudzatenga siketi yake. Sanakhale n'komwe pabenchi. Anangotola foni ya Salome pamwamba pa mulu wa zidutswa za nsalu.

"Ukutani ndi foni yanga?"

"Ndikukulowetsa m'gulu. Usandifunse zambiri."

"Gulu la chiyaninso? La maliro ndilimo kale, la kwaya ndilimo."

"Ili ndi la anthu amoyo," anatero Gloria akuseka. "Mwezi wamawa kuli ulendo wa panyanja. Bwato lalikulu la matanga, lonyamukira ku Chilumba. Okwera ndi osakwatira okhaokha, amuna ndi akazi. Okonza ulendowo atsegula gulu pa WhatsApp kuti anthu adziwane asanakumane. Ine ndalembetsa. Iwenso ukupita."

"Ine? Madzi amene ndimawadziwa ndi a mumtsinje wa Lufita, olekeza m'mawondo."

"Nanga ukalambire pamakinapo?"

Salome anali ndi zaka zopitirira pang'ono makumi atatu, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi. Banja analisiya yekha, tsiku limene mwamuna wake Harrison anabwera ndi mkazi wachiwiri n'kumuuza kuti asunthe mphasa. Abale anamunyengerera, akulu a mpingo anabwera, koma iye ananyamula makina ndi mwana n'kubwerera kwawo. Kuyambira pamenepo anadziuza chinthu chimodzi: ngati adzakondenso, adzakhale yekha. Wosagawana ndi wina.

Gululo linali ndi phokoso ngati msika wa Loweruka. Amuna ankatumiza zithunzi atatsamira magalimoto a eni ake. Akazi ankatumiza nkhope zoyera mbee, zoti ngakhale mayi awo sakanawazindikira. Wina ankafunsa ngati pabwato padzakhale mowa, wina ngati padzakhale mapemphero. Salome ankangowerenga akupukusa mutu.

Lamulo linali loti aliyense adzifotokoze. Iye analemba mwachidule: "Ndine Salome, telala wa ku Lufita, Chitipa. Ndili ndi mwana mmodzi. Banja ndinalisiya chifukwa sinditha kugawana mwamuna ndi mkazi wina."

Gloria anamuimbira nthawi yomweyo. "Mwe, Salome, uku ndi kudzifotokoza kapena kuopseza anthu?"

Koma masana a tsiku lomwelo uthenga unalowa pambali, wochokera kwa munthu wina wa m'gululo.

"Monire, amama a ku Lufita. Dzina langa ndine Mackson. Kwathu ndi ku Balaka, koma ndimagwira ntchito pa ofesi ina kumalire kuno. Mawu anu andikhudza. Anthu onse aja akudzigulitsa, inu nokha mwanena zoona."

Salome anawerenga kawiri, kenako anathokoza ndi mawu amodzi a Chitumbuka: "Yewo."

Ndi mmene zinayambira. M'mawa uliwonse, asanavundukule makina, ankapeza uthenga wamawu. Mackson anali ndi mawu okhuthala, oyankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene sathamangira kulikonse. Chitumbuka chake chinali chopotoka, ndipo Salome ankaseka yekha pomva. Ankamufunsa za mwana, ngati chifuwa chija chatha. Ankamufunsa ngati wadya. Sabata yachiwiri anasiya kunena kuti "inu", n'kuyamba kumutcha "duwa langa la kumapiri".

"Kodi simudziwa kuti ku Lufita kulibe mapiri ambiri?" Salome analemba.

"Ukaima iweyo, pamenepo pakhala phiri," anayankha.

Zopusa, eti? Salome ankadziwa kuti ndi zopusa. Koma tsiku limenelo anasoka thumba la buluku la abusa chadodolido, ndipo anachita kuphwasula. Mtima wa munthu ukakhala nthawi yaitali wopanda woufunsa kuti wagona bwanji, umamwa ngakhale mawu opusa ngati nthaka ya Okutobala.

Uthenga umene anaukonda kwambiri unabwera Lachitatu lina. Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka tambala akulira, kenako njinga yamoto ikudutsa.

"Duwa langa la kumapiri, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu. Pabwato paja sindidzayang'ana kumanzere kapena kumanja. Ndagula nsalu kutsidya, ku Tanzania. Wogulitsayo anali ndi chidutswa chimodzi chokha, cha anthu awiri. Tidzavale iwe ndi ine, anthu onse aone kuti kusaka kwanga kwatha."

Salome anaumvera mpaka batire linatsala pang'ono kutha. Kuno, mwamuna ndi mkazi akatulukira pagulu atavala nsalu imodzi, anthu safunsanso mafunso. Amangodikira tsiku.

Anakumana koyamba pa depoti ya ku Boma. Mackson anatsika m'minibasi atanyamula jumbo yakuda. Anali wamfupi kuposa pachithunzi, wonenepa pang'ono m'khosi, koma mawu anali omwewo. Anagwira dzanja la Salome ndi manja awiri.

"Chithunzi chimakunyoza," anatero. "Ndikanadziwa, ndikanabwera wapansi kalekale."

"Musandinamize, a Mackson. Ndavala zakuntchito."

Mackson anatsegula jumboyo. Nsaluyo inali ya buluu wakuda, yokhala ndi mbalame zachikasu, ziwiriziwiri zoyang'anizana. Salome anaipapasa. Inali yolemera bwino, yosachoka utoto. M'masitolo a Chitipa anali asanaionepo.

Anatulutsa tepi m'thumba n'kumuyeza Mackson pomwepo, pansi pa mtengo. Mapewa, chifuwa, mkono. Anyamata oitanira anayamba kuimba mluzu.

"Atelala, yezani bwino, katundu ameneyo ndi wanu!"

Salome anachita manyazi mpaka makutu kutentha, koma anaseka. Pobwerera ku Lufita anaika jumboyo pamiyendo, ataigwira ngati mwana.

Anayamba ndi shati ya Mackson. Anailondoloza kuti mbalame ziwiri zikumane pathumba la pachifuwa. Kenako anasoka diresi yake, yaitali, yamanja ofika m'zigongono. Anauza mayi ake. Anauza ngakhale mchimwene wake Anock, amene ananena kuti, "Chabwino. Mukabwerako, abwere kuno tidzamuone."

Kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke, pakhonde panafika mtsikana wina mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anali wamng'ono, mwina zaka makumi awiri, wamaso aakulu. Anagwada pang'ono popereka moni.

"Monire, amama. Ndinu a Salome atelala?"

"Ndine. Khala pabenchipo. Wachokera kuti ndi fumbi lonseli?"

"Ku Wenya. Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu, kenako ndinakwera lole ya chimanga. Dzina langa ndine Promise. Ndimakuonani m'gulu lija la ulendo wa panyanja, inenso ndilimo, kungoti sindiyankhulayankhula. Kwathu netiweki timakaipeza pachulu cha kuseri kwa sukulu." Anaseka mwamanyazi. "Kwathu kuli telala, koma amangodziwa mayunifolomu. Aliyense anati, ngati ukufuna diresi yeniyeni, pita ku Lufita."

"Wabwera ndi nsalu?"

Promise anamasula kathumba kake mosamala, n'kuyala nsaluyo pamakina.

Buluu wakuda. Mbalame zachikasu, ziwiriziwiri zoyang'anizana.

Mapazi a Salome anatsetsereka pachopondera. Anayang'ana nsaluyo, anayang'ana mtsikanayo. Mwina sitolo ina yabweretsa, anadziuza. Nsalu si mwana, imafanana.

"Yokongola," anatero ndi mawu ouma. "Unaigula kuti?"

"Sindinagule, amama. Anandipatsa." Promise anabisa nkhope m'manja, kenako chimwemwe chinamuposa. "Ndi abambo ena a m'gulu lomwelo. Amagwira ntchito kumalire. Anaitumiza kudzera kwa dalaivala. Anati wogulitsa anali ndi chidutswa chimodzi chokha, cha anthu awiri. Dikirani, mumve nokha. Musauze munthu."

Anatulutsa kafoni kong'aluka galasi n'kudina.

"Duwa langa la kumapiri, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu..."

Tambala analira. Njinga yamoto inadutsa.

Sanali mawu ofanana chabe. Unali uthenga womwewo, wojambulidwa kamodzi. Tambala yemweyo! Ndipo pamenepo m'pamene Salome anakumbukira kuti m'mauthenga onse aja amawu, munthuyo sanatchulepo dzina loti Salome.

Anaganiza zongokhala chete, kumuyeza mwanayo n'kumulola apite. Koma anaona mapazi afumbi aja. Anatenga foni yake, anafufuza Lachitatu lija, n'kuiika pamwamba pa nsaluyo.

"Mvera, mng'ono wanga."

Tambala analiranso.

Promise anamvera mpaka kumapeto, pakamwa pali yasa. Salome anatsegula katoni ya pansi pa makina n'kumuonetsa diresi yake ndi shati ija. Mtsikanayo anagwira thumba la shatiyo ndi chala chimodzi, misozi ikugwera pamiyendo.

"Mwina analakwitsa potumiza," ananong'ona. "Mafoniwa amavuta."

"Ndi nsalu yomwe analakwitsa?"

"Amama, kwathu ndauza aliyense. Adada anagulitsa mbuzi kuti ndipite. Anzanga anandiperekeza mpaka kumtsinje akuimba." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndisokereni basi. Ndikawafunsa ndekha."

Salome anatenga tepi. "Imirira. Kweza manja."

Gloria atamva, anamenya benchi ndi chikhatho. "Galu ameneyu! Ndipatse foniyo, ndiike mauthenga onse awiri pagulu, anthu amudziwe."

"Ayi."

"Ukumumvera chisoni?"

"Ndikufuna andiuze akundiyang'ana m'maso."

"Akuuze chiyani choposa tambala uja? Iyeyo ankayesa Chitipa ndi Lilongwe, kuti wa ku Wenya sangakumane ndi wa ku Lufita. Sadziwa kuti madiresi onse a boma lino amadutsa pamakina ako."

Salome sanaseke. Zoona zake, m'kati mwake munali kakhungwa kamodzi ka chiyembekezo kamene kanakana kufa. Mwina Mackson adzagwa nkhope, adzapepesa, adzati mtsikanayo anali wakale, asanamudziwe iye. Kodi munthu wofunsa za chifuwa cha mwana tsiku ndi tsiku angakhale wabodza thupi lonse? Mauthenga a m'mawa ankabwerabe. Sankawamvera, koma sankawafufutanso. Ndipo tsiku la ulendo analongedza chikwama, diresi ija ili pansi penipeni.

M'mawa umenewo kunali mphepo yozizira ya Juni. Pa depoti, a Chitipa onse opita kuulendowo anasonkhana pafupi ndi minibasi ya ku Karonga, akuzindikirana ndi kuseka.

"Ndiwe uja wa galimoto yofiira? Nanga ili kuti?"

"Ili ku garaja, asisi."

Mackson anafika atanyamula sutikesi yamateyala. Ataona Salome, anatambasula manja.

"Duwa langa! Nanga bwanji zii masiku onsewa? Shati yanga ili kuti? Ndipo diresi sunavale bwanji?"

Salome anamupatsa jumbo. Mackson anatulutsa shatiyo, anaitambasula, anaimba mluzu. Anavula jekete pomwepo n'kuvala shatiyo pamwamba pa vesiti. Inamukwana ngati anabadwa nayo.

Akumanga batani lomaliza, Promise anatulukira kuseri kwa minibasi. Anali atagona kwa azakhali ake ku Boma. Diresi ija inamukhala bwino kwambiri, moti amayi ogulitsa nthochi anacheuka. Anaima pambali pa Salome, maso ali ofiira.

Gloria anapinda manja.

Mackson anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Salome anadikira kuti nkhope yake igwe. Sinagwe. Munthuyo anakanda m'khosi n'kuseka pang'ono.

"Aa, ndiye mukudziwana? Chitipa ndi kamudzi ndithu."

"A Mackson," anatero Salome motsitsa, "munati chidutswa chinali chimodzi, cha anthu awiri."

"Iwe, usatenge zinthu molemera. Uwu ndi ulendo wa osakwatira. Munthu sugula mbewu usanaone kuti ikumera bwanji. Ndimati tikafika pabwato, ndicheze ndi uyu, ndicheze ndi uyo, kenako mtima unene."

"Munatchula Mulungu."

"Ndi mayankhulidwe chabe." Anayandikira, akutsitsa mawu aja okhuthala, omwewo a m'mawa uliwonse. "Tamvera. Iwe ndiwe wamkulu, wanzeru, uli ndi ntchito yako. Uyu ndi mwana, angakuthandize pakhomo. Palibe amene akutayidwa apa. Komanso kuno kwanu si nkhani yachilendo. Ndakhala kuno zaka zingapo, ndaona. Akazi a kuno mumadziwa kukhala awiri mwamtendere, si ngati a kwathu."

Kakhungwa kaja kanauma pomwepo.

"Munawerenga zimene ndinalemba tsiku loyamba lija?"

"Ndinawerenga. Aliyense amalemba zotero. Ndinkadziwa kuti ukakonda, udzafewa."

Anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa. Salome anabwerera m'mbuyo ngati wopewa matope a galimoto.

"Musandikhudze. Manja anga ndi amene anakuyezani chifuwa chimenecho, ndipo kuyambira Lolemba ndikuwasambitsa ndi sopo wochapira, koma sakuyera. Harrison anali bwino. Iye anabwera ndi mkazi wachiwiriyo masana, n'kundiuza poyera. Inu munaona bala langa pagulu, n'kunena kuti apa ndiye polowera."

"Karonga, Karonga! Atatu otsala!" anakuwa kondakitala.

Anthu anayamba kukankhana kukwera, ena akuyang'ana kumbali, ena akunong'onezana. Mackson anakweza mapewa, anapereka sutikesi kwa kondakitala n'kulowa.

Salome anatembenukira kwa Promise. "Tiye kwathu, mng'ono wanga. Ukagone, mawa ndikakukweza lole. Adada ako ndikhoza kuwafotokozera ndekha."

Promise anayang'ana pansi. Anasisita mbalame zachikasu za pamimba pake.

"Amama, inu muli ndi makina. Mukabwerera, mukasoka. Ine ndikabwerera, ndikapalira, ndipo aja anandiimbira kumtsinje akandiimbiranso nyimbo ina." Anakweza mutu. "Inu mukatsala, ndiye kuti nsaluyi tavala awiri okha."

"Mpaka liti?"

Mtsikanayo anagwada pang'ono, monga anachitira tsiku loyamba, n'kukwera. Gloria, phazi limodzi lili kale pakhomo la minibasi, anacheuka.

"Salome, tiye. Amuna ena aliko. Usataye ulendo chifukwa cha nyansi imodzi."

"Pita, mnzanga. Masiku onsewo m'bwato limodzi ndi iyeyo? Pamadzi palibe potsikira."

Chitseko chinatsekedwa. Minibasi inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kuti ikhote. Pawindo Salome anaona Mackson atakhala pafupi ndi Promise, dzanja limodzi atalikoleka paphewa la mtsikanayo. Dzanja linalo linali pafoni, chala chikuthamanga.

Foni ya Salome inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa.

"Duwa langa la kumapiri, mkwiyo wako ukundisonyeza kuti umandikonda. Ndikabwerako tidzakambirane. Mtima wanga uli kwa iwe wekha."

Anakweza maso. Mackson anamumwetulira kudzera pagalasi, Promise ataweramira pachifuwa chake.

Salome anapita kungalande ya m'mbali mwa depoti, anawerama, n'kusanza. Mayi wina wogulitsa nthochi anabwera ndi kapu ya madzi, akumusisita pamsana.

"Pepani, mwana'nga. Ndi malungo?"

Salome anatsuka m'kamwa, analavula, anapukuta milomo.

"Ayi, amama. Ndinadya chinthu chowola. Chatuluka."

Ananyamula chikwama chake n'kuuyamba wa ku Lufita, wapansi.